Dziwe Langa pa Dimba la Apongozi

Dziwe lija ndinakumba ndekha, masabata asanu athunthu, ndi khasu langa ndi fosholo yobwereka, pa dimba lomwe silinali langa. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa zonse zomwe zinandigwera zinachokera pomwepo. Kwathu ndi ku Zemba, koma ndinakwatira ku Pembamoyo n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ine, nkhokwe ndinaluka ine, khola la mbuzi ndinazika ine, koma mukanafunsa mwana aliyense pamudzipo kuti zimenezi n'zayani, akanakutchulirani mbumba ya mkazi wanga. Zaka zisanu ndi zitatu ndinakhala choncho mpaka zinandikwana. Ndinkafuna kanthu kamodzi kokha koti anthu podutsa aziloza n'kumati ichi n'cha mkamwini uja.

Chaka chimenecho alangizi a zansomba anaitanitsa alimi ku boma, ine n'kupalasa njinga kukamva nawo. Zambiri zomwe ananena ndinaziiwala ndisanafike n'kunyumba komwe, koma chimodzi chinandikhala m'mutu. Anati tiana ta nsomba sitikula ndi gaga yekha. Timadya tizilombo tating'onoting'ono tomwe timaswana m'madzi, ndipo tizilomboto timafuna madzi obiriwira, othiridwa manyowa, okhala phee osathamanga. Anati madzi oyera mbee ndi njala ya nsomba. Tonse tinaseka, chifukwa kuyambira ubwana timadziwa kuti madzi obiriwira ndi a achule.

Malo ndinakapempha kwa atsibweni a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongozi, omwe ndiwo eni mbumba. Anandimvetsera akusenda nzimbe, osandiyang'ana n'komwe. Nditamaliza anati:

"Kumunsi kwa dimba la mlongo wangako, kumbani. Koma mvula yoyamba ikadzagwa ndidzabwera kudzaona. Mukadzakhala nsomba zoti munthu n'kuika m'mbale osachita manyazi, dziwe likhala. Apo ayi mudzakwirira nokha, ine ndidzabzalapo repu."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza ngati andipatsa ng'ombe.

Mkazi wanga nthawi imeneyo kunalibe, anali kuchipatala ku boma kudikira mwana wathu wachitatu. Choncho malo enieni ndinasankha ndekha. Kumunsi kwa dimbako, pafupi ndi nthochi, panali kadzenje ka madzi ndi miyala iwiri yaphanthiphanthi pambali pake. Ndinati apa ndiye pali madzi osaphwa, ndipo khasu loyamba ndinaligwetsa pomwepo. Ndinakumbanso ngalande yochokera kumtsinje n'kuitseka ndi zibuma za udzu, yoti ndizitsegula pokhapokha madzi akatsika. Kumunsi ndinaika paipi yotayira madzi osefukira, kukamwa kwake n'kumangako kaneti kuti nsomba zisathawe. Pangodya ina ndinazika timitengo ngati kakhola, momwe ndinkathiramo ndowe ndi zitosi za nkhuku. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, ena n'kutulukanso pomwepo. Tiana ta nsomba ndinakatenga m'chigubu panjinga, ndikupalasa pang'onopang'ono ngati ndanyamula wodwala.

Tsono ndinene za apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga. M'mabanja ambiri masiku ano mkamwini ndi apongozi amacheza, ena mpaka kuimbirana foni. Iwo ayi. Anagwiritsitsa mwambo wa makolo: sitinkayang'anana kumaso, sitinkalankhulana, tikakumana panjira ine ndinkapatukira kutchire n'kufulatira mpaka adutse. Mawu aliwonse pakati pathu ankadzera mwa mkazi wanga. Sindinkadandaula nazo, ulemu ndi ulemu, ndipo kunena zoona mayiwo anali asanandilakwirepo kanthu. Masiku okumba aja ndinkawaona ataima patali kumtunda kwa dimba, atatsamira ndodo yawo, kenaka n'kubwerera. Ine mumtima ndinkati akusirira ntchito, ndipo khasu ndinkaligwetsa mwamphamvu kuti aone bwino.

Mkazi wanga atabwera ndi khanda ndinamutengera kudimba kukamuonetsa. Anayang'ana dziwelo uku ndi uku, kenaka anangoti, "Mwakumba pano?" Ndinati eya, pamadzi penipeni. Anati chabwino, n'kukonza mwana kumbuyo, tinabwerera.

Woyamba kundionetsa tizilombo tija ndi maso anali akulu ena a dimba loyandikana ndi lathu, mmodzi wa anthu omwe anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kuno. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya usodzi kutali, kumene mtsinje waukulu umathira m'nyanja ya mchere. Tsiku lina anandipeza nditanyonyomala ndikuyang'anitsitsa m'madzi, n'kundifunsa chomwe ndataya. Ndinati ndikufuna tizilombo ta alangizi koma sindikutiona, mwina anangotinamiza.

"Mukuyang'ana ngati munthu wofuna mbuzi," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, akamwini. Katengeni mbale yoyera ndi kansalu kothina."

Anatunga zitini khumi n'kumathira pakansaluko, kenaka zotsalira pansalu anazitsukuluzira m'mbale ndi timadzi pang'ono. Poyamba ndinangoona fumbi. Nditapendeketsa mbale kudzuwa, fumbilo linayamba kuyenda. Tina tinali tofiirira, todumphadumpha ngati utitiri. Tina tinali totalikirapo, toyera, tothamanga kamodzi n'kuima, kamodzi n'kuima. Tina tinali tochepetsetsa moti unkangoona kuti madzi akunyezimira. Ndinakhala pansi m'matope, bambo wa ana atatu, n'kumaseka ndekha.

Akuluwo akayamba za kumene anachokera sankafuna wowadula, ndipo ine ndinkangowasiya. Anati kumene mtsinje umakumana ndi nyanja madzi alipo a mitundu itatu, a mchere, opanda mchere, ndi apakati osakanikirana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi tizilombo take. Dzinja likafika mtsinje umadzaza n'kukankhira madzi a mchere kunja, tizilombo ta mchere n'kupita nawo, ndipo asodzi amadziwiratu kuti tinsomba tasamuka, akatifune kwina. Chilimwe mchere umakwera mtsinje, tizilombo take n'kukwera nawo mpaka kufika pamadooko pomwe amayi amatunga. Koma pomwe timachulukitsitsa, anati, ndi m'timifuleni ta m'mbali, momwe madzi amafika n'kuima pakati pa mitengo yomera m'matope. M'menemo ndimo nsomba zimalerera ana.

"Madzi othamanga sabereka," anatero. "Dziwe lanuli n'chimodzimodzi, langochepa."

Ndipo zinalidi choncho. Ndinayamba kusefa m'mawa uliwonse ndisanapite ku ntchito zina. Pafupi ndi ngalande, pomwe madzi a kumtsinje ankachucha pang'onopang'ono, mbale inkatuluka pafupifupi yopanda kanthu. Pangodya ya ndowe inkatuluka ndi todumpha tija. M'mamawa tinkakhala pamwamba, dzuwa likakwera tinkatsikira pansi. M'kuzizira kwa Juni tinachepa, totalika tija tokha n'kumaoneka, ndipo madzi ankakana kubiriwira ngakhale ndithire ndowe yochuluka bwanji. Tsiku lina ng'ombe za anthu zinavundula mtsinje ine nditatsegula ngalande, dziwe linasanduka katondo, ndipo masiku anayi m'mbale simunayende kanthu. Mkazi wanga ankati ndasanduka sing'anga woombeza ndi mbale. Ndinalibe nazo ntchito. Ogasiti atayamba kufunda madzi anabiriwira mpaka ukaviika mkono kulekeza m'chigongono chikhatho osachiona, monga anatiuzira alangizi, ndipo tinsomba tinkathamangitsana pamwamba. Anthu podutsa ankagwira mphuno n'kumati mkamwini akuweta achule, koma kuloza ankaloza.

Pakati pa mwezi womwewo ndinapita kwathu ku Zemba kumaliro n'kugonako masiku awiri. Pobwera sindinafikire kunyumba, ndinafikira kudimba. Dziwe linali loyera mbee. Ndinkaona dongo la pansi, ndinkaona kansomba kalikonse ndi mthunzi wake. Zibuma za pangalande zinali zitachotsedwa n'kusanjidwa bwinobwino pambali, madzi akulowa uku akutuluka kupaipi uko, atakokolola chakudya chonse kupita nacho kudambo. Ndinasefa zitini makumi awiri, m'mbale munangolowa kachitsotso. Pamatope panali mapazi aang'ono osavala nsapato, ndipo pambali pa phazi lililonse lakumanja panali kabowo ka ndodo. Woyenda ndi ndodo kudimba kumeneko analipo mmodzi yekha.

Mtima unandipsa. Koma ndikanatani? Ndinapita kunyumba, ndinamwa madzi, ndinakhala pansi, n'kuuza mkazi wanga mofatsa kuti akauze amayi kuti ngalande ija isamatsegulidwe, chifukwa madzi obiriwirawo ndiwo chakudya cha nsomba.

Anapita, anabwera. "Ndawauza."

"Ati chiyani?"

"Ati amva."

Ndinatutanso ndowe. Patatha masiku angapo madzi anayamba kuchita mtundu, todumpha tiwiri titatu n'kuyamba kuoneka m'mbale. Lachitatu m'mawa ndinasefa, ndinakondwa, ndinapita kukaumba njerwa. Lachinayi m'mawa dziwe mbee, zibuma zili pambali zosanjidwa mwaudongo ngati poyamba paja.

Kuyambira pamenepo inali nkhondo ya anthu osalankhulana. Ndinagubuduzirapo mwala womwe ine mwini unatsala pang'ono kundithyola msana. Iwo anafukula pambali pa mwalawo ndi ndodo, madzi n'kudutsa. Ndinaikapo minga ya mthethe. Anaichotsa yonse n'kuiunjika bwino poti munthu asaponde. Mpaka ndinachita chinthu chomwe ndimachita nacho manyazi pochinena: ndinamangirira kabotolo ka makala ndi nthenga za nkhuku pakamtengo, kuti aziyesa mankhwala, aope. Ndinaiwala kuti ndikulimbana ndi mayi wa mpingo. Madzulo ake mkazi wanga anabwera ndi uthenga woti amayi apeza zinthu zoipa padziwe la akamwini, azitaya kumtsinje ndipo apempherapo, ndisade nkhawa. Ine, mwini kabotolo, ndinayenera kutumiza zikomo.

Tizilombo tija timafuna masabata awiri kapena atatu kuti tichuluke, iwo ankatipatsa masiku asanu ndi limodzi. Akulu a ku Mozambiki aja anasuzumira m'mbale yanga n'kupukusa mutu. Todumpha tofiirira, tomwe nsomba zimanenepa nato, tinali titatheratu. Totalika tija tinkapezeka kamodzikamodzi. Tinkatsala ndi tochepetsetsa tija, tomwe timabwerera msanga madzi akasokonezeka, koma sitikhutitsa kanthu.

"Dziwe lanu lili m'dzinja sabata iliyonse," anatero. "Kwathu kuja chigumula chimabwera kamodzi pachaka, tizilombo timapeza mpata. Kuno chigumula chili ndi ndodo." Anaseka mpaka kutsokomola. Atatha anati, "Bwanji osangowafunsa chomwe akufuna?"

Ndinawayankha kuti kufunsa n'kosavuta kwa munthu yemwe apongozi ake anatsala kutsidya kwa malire. Chomwe akufuna ndinkati ndikuchidziwa kale. Ndinkati achita manyazi ndi zonena za anthu, akuona ngati mkamwini wawo ndi wauve, ndiye akunditsukira dziwe monga amatsukira mtsuko.

Mkazi wanga ndinamutuma kasanu, kapena kasanu ndi kamodzi. Nthawi iliyonse ankabwera ndi "amva" yemweyo. Ndinamufunsa ngati amayi akudana nane, anati ayi. Ngati akufuna repu wa atsibweni, anati ayi. Nanga n'chiyani? Ankangosinthira khanda kubere lina n'kunena kuti akuluakulu ndi ovuta, ndipirire. Chomwe chimandikwiyitsa mpaka lero n'choti ndinaona ndithu kuti zimachitika Lachitatu lokhalokha, koma sindinadzifunse chifukwa chake. Ine amene ndinkadziwa nthawi yomwe tizilombo tosaoneka timakwera ndi kutsika, za munthu wamkulu woyenda masana dzuwa likuwala sindinadziwe kanthu.

Okutobala anafika, dzuwa lija loswa mtengo, madzulo mitambo n'kumasonkhana. Ndinavuula nsomba zingapo ndi dengu kuti ndione. Zinali ngati zala ziwiri, mitu ikuluikulu, mimba zopyapyala. Gaga ndinkathira, koma gaga yekha amangogwira moyo. Mvula inali pafupi, ndipo m'maso mwanga ndinkawaona kale atsibweni akuyeza mabedi a repu ndi mapazi pamwamba pa thukuta langa. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma ine ndinali ndi ana atatu pamudzipo, ndikanaterereka kupita kuti?

Lachitatu lotsatira sindinapite kunjerwa. Ndinasefa, ndinatenga mbale yanga, ndinakakhala kuseri kwa nthochi. Sindikudziwa chomwe ndinkati ndichita; mwina ndinkati ndikatsokomola abwerera. Dzuwa litakwera pang'ono anatulukira, beseni pamutu, ndodo kumanja. Anatula beseni, anagwada movutika, bondo limodzi kenaka linzake, n'kuyamba kusolola chibuma choyamba. Madzi a kumtsinje anayamba kulowa m'dziwe lomwe linali litangoyamba kubiriwira dzana.

Ndinangozindikira ndatulukira ndikukuwa.

"Amayi! Kodi ndinakulakwirani chiyani ine? Siyani madzi angawo! Onani, onani izi, izi n'zimene mukupha!"

Ndipo ndinawasendezera mbale kumaso kwenikweni, timadzi tikuwatayikira pachitenje.

M'madimba monse munali amayi othirira. Zitini zonse zinaima. Apongozi anakokera mpango kunkhope, anatembenuka kundifulatira, n'kukhala pansi. Sanalankhule kwa ine. Analankhula akuyang'ana nthochi, ndi mawu otsika, koma aliyense anamva.

"Madzi awo. Chitsime chomwe anandisiyira amayi anga, chomwe ndatungapo kuyambira ndili namwali, lero ndi madzi awo. Pokumba ndinakhala chete. Pothiramo ndowe ndinakhala chete. Ndimangofuna tsiku limodzi pa sabata kuti ndichape."

Anadzuka ndi ndodo yawo n'kumapita, beseni n'kulisiya pomwepo. Ndinasuzumiramo. Munali kasopo ndi bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, yomwe ankavala Lachinayi lililonse, ndipo m'mphepete mwa kolala munali kamzere kobiriwira komwe kanakana kuchoka.

Kunyumba mkazi wanga anali atamva kale, nkhani zotere zimathamanga kuposa njinga. Anaulula zonse akulira. Kadzenje ka miyala iwiri kaja kanali chitsime cha amayi ake, chochapira ndi kusamba, chifukwa mjigo uli kusukulu, pamtunda, ndipo kumtsinje n'kotsetsereka, mawondo awo sangatsikeko. Mkazi wanga atabwerako kuchipatala n'kupeza chitamezedwa ndi dziwe, anaopa kundiuza poona mmene ndinkakondwerera. Miyezi yozizira ija madzi anali akadali oyererako, amayi ankangotunga m'dziwemo osadandaula. Atabiriwira ndi kuyamba kununkha ndowe, anamutuma kwa ine kuti ndiwakonzere pena pochapira. Uthengawo sunafike. Ndiye amayi anayamba kutsegula ngalande m'mawa, kudikira mpaka masana madzi ayere, n'kuchapa. Zibuma ankatha kusolola koma kuzibwezera zinkawalemera, n'chifukwa chake ankazisanja pambali kuti ndisavutike kuzifuna. Nanga mauthenga anga onse aja? Ankafika akuti, "Akamwini akuti zikomo posamalira dziwe."

"Ndimaopa kuti mukangana," anatero.

Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana kudenga, ndinatuluka panja. Kachitsime kena kumtunda kwa dziwe ndikanakumba tsiku limodzi, dzuwa lisanapendeke. Tsiku limodzi! Anthu atatu akuluakulu, aliyense akuchitira mnzake ulemu, tinatha miyezi iwiri ndi theka tikuzunzana chonchi. Safunsa anadya phula, koma phula limeneli tinagawana atatu, ndipo nthuli yaikulu inali yanga.

Atsibweni anali ku Chipata nthawi imeneyo, ndipo panatha masabata atatu asanabwere. Apongozi sanapondenso kudimba. Masabata amenewo dziwe linachita zonse zomwe ndinkalipempha chaka chonse. Kutentha kunalipo, ndowe inalipo, madzi anaima. Pasanathe masiku khumi linabiriwira biriwiri, todumpha tija tinabwerera tochuluka moti mbale inkafiira, totalika tija tili pomwepo pakati pake, ndipo nsomba zinayamba kudzaza m'mbali ukuziona ndi maso. Akulu aja anati chichokereni kunyanja sanaonepo madzi obereka chonchi. Ndinkasefa m'mawa uliwonse monga kale, koma sindinakondwe tsiku ndi limodzi lomwe.

Atsibweni anafika mvula isanagwe. Tinakhala pansi pa mango pabwalo la apongozi, apongoziwo ali pakhonde atafulatira. Ndinapereka tambala wopepesera kudzera mwa mkazi wanga, ndipo analandiridwa. Ndinapepesanso ndi pakamwa ndikuyang'ana pansi. Kenaka, chifukwa mutu wanga ndi wouma, ndinavundukula mbale yomwe ndinabwera nayo, kuti atsibweni aone okha kuti dziwe latsitsimuka, angondipatsa mwezi umodzi.

Anasuzumira. "Akamwini, mwakhazika anthu akuluakulu pansi kuti muwaonetse nsabwe?"

Ndinati nsomba zikukula, tipite akaone. Ndinati chitsime china ndikumba mawa lomwe, kumtunda kwa dziwe, ndiikapo ndi miyala yomwe ija.

"Za nsomba sindikufunsanso," anatero. "Dzenje lomwe lachititsa mkamwini kukalipira mlongo wanga pamaso pa mudzi silingakhale pa dimba la mbumba ino. Ndipo kukumba mwakumba kokwanira. Pamalo ano musadzakumbenso dzenje, kaya la nsomba kaya la madzi."

Kukhonde kunamveka kutsokomola, ngati munthu akufuna kunena kanthu. Tonse tinadikira. Sananene. Pambuyo pake mkazi wanga anandiuza kuti amayi sankafuna kuti dziwe likwiriridwe, ankangofuna pochapira, koma sakanatsutsa mlongo wawo pamaso pa mkamwini. Kupatula wa kabotolo uja, uthenga umenewo wokha ndiwo unandifika wathunthu, ndipo unafika zinthu zitatha kale.

Kukwirira kunanditengera masabata awiri. Nsomba zinadzaza beseni limodzi, tinagawa m'makomo ngati matemba, anthu n'kumati zikanakhalako mwezi wina zikanakhala nsomba ndithu. Aliyense wonena zimenezo ndinkafuna kumulanda mbale. Potulutsa madzi obiriwira aja kupita kudambo, akulu a ku Mozambiki anaima pambali manja kumbuyo, akuonerera. Ndinayesa kusiya mpata pomwe panali kasupe, ndinabwezerapo miyala iwiri ija mwakachetechete, koma nthaka ndinali nditaisokoneza kwambiri. Madzi anakatulukira pena, pakati pa mabedi a atsibweni, akuda, onunkha ndowe, osati n'kuchapira ngakhale chiguduli.

Tsopano apongozi amatunga kumjigo wa kusukulu. Akumwa amawatungira mkazi wanga, koma ochapira safuna kutungiridwa ndi munthu. Ndinayesa kusiya chigubu chodzaza pakhomo pawo m'mamawa, katatu, ndipo katatu konse chinabwerera chodzaza. Sanatumize mawu, ndipo akanatumiza sindikudziwa ngati ndikanawakhulupirira.

Lachitatu lina, mvula itayamba kale, ndinakumana nawo panjira yotsika kuchokera kusukulu, ine ndikukankha njinga yopanda katundu, iwo ndowa pamutu, ndodo kumanja, akuponda mosamala m'matope. Ndinapatukira m'udzu n'kufulatira monga mwa mwambo. Ndinamva ndowa ikutulidwa pansi kumbuyo kwanga, madzi akukhavukira. Ndinamva akupuma nthawi yaitali, mpweya ukulira m'chifuwa. Njinga inali m'manja mwanga, kaliyala ali wopanda kanthu. Ndinaima choncho ndikuyang'ana chimanga cha eni ake mpaka ndinamva akudzisenza okha, kawiri kulephera, kachitatu n'kutheka, ndipo anadutsa.